Womasulira Khoswe

A Fulansisi Sakala anali ndi zinthu ziwiri zimene sankafuna kuti anthu a ku Nabvutika azidziwe. Choyamba chinali chaching'ono. Mwana wawo Mainess, amene iwo ankamutchula paliponse kuti dokotala, sankachiza anthu. Ankaweta makoswe. Zaka zisanu ndi zinayi ali kusukulu ku Joni, zithunzi za magauni zili mbwee pakhoma la pabalaza, koma ntchito yake inali kulowetsa tiwaya m'mitu ya makoswe n'kumamvetsera zimene ubongo wawo umachita akamafunafuna mankhwala osokoneza bongo. Mwana umuphunzitse mpaka tsitsi likuthere m'mutu, iye n'kukasankha kanyama kamene mayi aliyense amakathamangitsa ndi tsache.

Chachiwiri sichinali chaching'ono ayi, ndipo ichi ankabisira makamaka Mainess yemweyo. Zaka zitatu zapitazo wanjinga amene anawakweza anaphonya mlatho wa ngalande, onse awiri n'kugweramo, a Sakala n'kuthyoka chiuno. Kuchipatala anawapatsa makapusozi oletsa ululu a tramado oti amwe milungu iwiri. Fupa linalumikizana bwinobwino, ndodo anaitaya, koma makapusozi aja sanawasiye. Ankawagula kuseri kwa msika, m'kasitolo ka chitseko chabuluu, kwa munthu wosafunsa pepala la dokotala. Tsiku lililonse ankadziuza kuti lero ndi lomaliza, ndipo ankanena zimenezi ndi mtima wonse, monga amachitira munthu amene wanena kale kambirimbiri.

Tsono mukanakhala munthu wamba, nkhani ikanachepa. Koma a Sakala anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, theka la Nabvutika linadutsa pansi pa mkwapulo wawo. Ndiwo ankamasulira kutchalitchi akabwera ansembe achilendo. Ndiwonso anali wapampando wa komiti ya parishi yolimbana ndi mankhwala pakati pa achinyamata, ndipo pamsonkhano uliwonse ankanena mawu amodzimodzi, akuti ana a masiku ano sadwala kanthu, angosowa mwambo.

Mainess atabwera kutchuthi mwezi wa Okutobala, komiti inasangalala. Anati dokotala wathu wafika, atilankhule Lamlungu ikatha Misa yachiwiri. Mainess anayesa kukana.

"Atate, Chinyanja changa ndi cha kukhichini. Za ubongo ndinaziphunzira m'Chizungu, ndikangoyamba ndisokoneza anthu."

"Iwe lankhula Chizungu chakocho," anatero bambo wake. "Ine ndamasulirapo Mfalansa wopanda mano, ndingalephere mwana wanga?"

Mumtima anali ndi chifukwa china. Womasulira ndiye amagwira chiwongolero. Mawu oti khoswe akanatha kuwakhotetsa asanafike m'makutu a anthu.

Chiyambire kufika kwa Mainess, a Sakala ankaona ngati maso a mwanayo akuwawerenga. Sikuti ankawayang'ana modabwitsa, koma munthu wobisa kanthu ngakhale nkhuku ikamuyang'ana amati yadziwa. Anaganiza zoonetsa kuti iwo ndi mwamuna. Loweruka madzulo sanamwe kapusozi. Lamlungu m'mawa sanamwenso, ndipo anasiya dala paketi yonse kunyumba, m'nsapato yakale pansi pa bedi. Pofika nthawi ya Misa yachiwiri anali atayasamula mpaka nsagwada kuwawa, mphuno ikuchucha ngati ya mwana, thukuta lozizira likutsika m'msana pamene anthu onse ankadzipepesera ndi mabuku a nyimbo chifukwa cha kutentha.

Holo ya parishi inadzaza. Amayi a mabungwe anakhala kutsogolo ndi zitenje zawo zofanana, abambo cha kukhoma, achinyamata kumbuyo pafupi ndi khomo monga mwa masiku onse. Anapachika nsalu yoyera pakhoma, Mainess n'kulumikiza laputopu yake ndi sipika ya kwaya. Pansalu paja panaoneka kanyama koyera m'bokosi, kali ndi kachipewa kachitsulo pamutu.

Mainess ananena chiganizo choyamba. Bambo wake anakonza jekete, nakweza mawu.

"Akuti kuntchito kwawo amagwiritsa mbewa. Mbewa za Azungu, zoyera, zoleredwa mwaukhondo."

Kutchula mbewa pamaso pa anthu a kum'mawa kuli ngati kuyimba belu la chakudya. Holo yonse inadzuka. Wina anati nzonenepa bwanji. Wina anafunsa ngati ndi mtundu wa kapuku. Mayi Felesita, amene amagulitsa tomato pamsika ndipo saopa munthu, anaimirira osadikira nthawi ya mafunso.

"A dokotala, mukamaliza nazo mumatani? Mumangotaya ndiwo zonsezo?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mainess naye anaseka, kenaka anayankha yekha m'Chinyanja chomveka bwino, chopanda chilema chilichonse.

"Si mbewa, amama. Ndi makoswe. Atate angondichitira ulemu."

Kuseka kunawirikiza, ndipo tsopano kunali kuseka a Sakala. Makutu awo anatentha. Komabe manyazi amenewa anali opiririka, ndi aja munthu amaseka nawo limodzi n'kupukuta nkhope. Anakweza manja ngati wogonja nati chabwino, khoswe ndiye khoswe.

Chimene sanachiganizire ndi chimene mphunzitsi wa chinenero anayenera kuchiona msanga. Mbewa ukamainena umati imadya, imathawa, ili uko kutali ndi iwe. Khoswe umati amadya, amathawa, ndendende mmene umanenera munthu. Atangosintha liwu limodzi lija, chiganizo chilichonse chinayamba kumveka ngati akunena za mnansi.

Mainess anafotokoza pang'onopang'ono, akuima kuti bambo wake amasulire. M'bokosi muja muli kachitsulo. Khoswe akakadina, kagetsi kobiriwira kamayaka, ndipo kadontho ka mankhwala kamalowa m'thupi mwake kudzera m'kapaipi. M'mutu mwake muli kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kamene kamamva timaselo ta ubongo tikamagwira ntchito. Kaselo kalikonse kakatumiza uthenga, makina amakasandutsa phokoso.

"Tamverani," anatero Mainess, n'kukweza sipika.

Poyamba kunkangomveka the, kenaka patapita nthawi, the. Khoswe ankanunkhiza m'makona, osalabadira kanthu. Kenaka kagetsi kanayaka kokha, ndipo sipika inalira thethethethe ngati chimanga chikuphulika m'chiwaya. Amayi akutsogolo anadzidzimuka.

Mainess anati aonetsetse bwino: mankhwala sanalowe. Tsiku limenelo m'kapaipi munalibe kanthu. Chimene chadzutsa timaselo tija ndi kagetsi chabe.

"Akuti mankhwala asanafike n'komwe," anamasulira a Sakala, "ubongo wayamba kale kuvina. Wangoona chizindikiro."

Chitseko chabuluu chinabwera m'maso mwawo chokha, ndi penti yake yosupuka cha m'munsi, ndi kafungo ka sopo ndi mankhwala a chifuwa kamene kamakulandira ukangolowa. Mtima unayamba kugunda mofulumira pomwepo, ali chiimire pamaso pa parishi yonse.

Mainess anapitiriza. Anati poyamba khoswe amadina chifukwa akumva kukoma. Pakapita milungu kukoma kuja kumachepa, koma kudina kumachuluka. Ena amadina ngakhale chakudya chili pambali, osachiyang'ana. Ena amadinabe ngakhale pansi pa bokosi pazibaya mapazi. Si onse, anatsindika, ambiri amaleka zikafika powawa, koma alipo ena amene saleka, ndipo iye ntchito yake ndi kufufuza chimene chasintha m'mitu ya amenewo.

Ntchito yomasulira ili ndi mwambo wake kwathu kuno. Womasulira wouma, wongobwereza mawu ngati wailesi, anthu amamugonera. Wabwino amathirako mchere, mlaliki akaponda kamodzi iye amaponda kawiri. A Sakala anatchuka ndi zimenezo. Ndiye Mainess atanena kachiganizo kafupi, koti mankhwala akachotsedwa khoswe amasowa mtendere, lilime la bambo wake linachita zimene linazolowera.

"Akuti akamumana, amasowa pokhala. Amayasamula osaleka, koma tulo osabwera. Mphuno imachucha popanda chimfine. M'miyendo mumayenda nyerere, osati pakhungu ayi, m'kati mwa mafupa, moti ukakhala pansi ufuna kuimirira, ukaimirira ufuna kukhala. Kunja kukutentha chonchi, iwe ukumva kuzizira."

Achinyamata akumbuyo, amene ankasewera ndi mafoni, anadzutsa mitu. Mainess anatembenuka n'kuyang'ana bambo wake kanthawi, kenaka anabwerera ku laputopu.

Ananena chiganizo china, chachifupinso: ngakhale patapita mwezi wathunthu osalawa, khoswe ukamubwezera m'bokosi lomwe lija, timaselo timayambiranso ndipo amathamangira kukachitsulo.

"Akuti malo amakumbutsa," anatero a Sakala. Mawu awo anali atasasa, koma sanathe kuima. "Umatuluka m'nyumba bwinobwino, wapita kukagula misomali. Wadziuza kuti njira ija lero sindidzera. Ukafika pamphambano phazi limakhota lokha. Mutu ukunena kuti ayi, miyendo ikupita. Ndipo sikuti pali chokoma, chokoma chinatha kalekale. Ndimangofuna kuti ndikhale ngati munthu, ndithe kupereka moni osanjenjemera. Ndikameza ndimati lero ndi lomaliza, ndipo ndimakhulupirira."

Anazindikira atamaliza. Liwu loti ndi linali litatuluka, osati kamodzi, ndipo linali lilipobe m'holomo ngati fungo.

Anawapulumutsa ndi mayi Felesita. Anaombera m'manja nati, "Aphunzitsi alowa m'mutu mwa khoswe." Anthu anaseka momasuka, naomba m'manja. Bambo wina anati kumasulira ndiye kumeneku, osati zija za ana a kwaya. Onse anaona ngati ndi sewero la katswiri, ndipo a Sakala anamwetulira n'kuwerama pang'ono. Pa moyo wawo wonse sanayamikiridwepo chonchi, ndipo sanachitepo manyazi otere.

Mainess sanaombe m'manja. Mbali yotsalayo anaifupikitsa, ndipo mawu omaliza ananena yekha m'Chinyanja, osadikira womasulira. Anati khoswe uja si chitsiru ndiponso sanasowe mwambo, ubongo wake waphunzira chinthu molimba kwambiri, ndipo kuti uphunzire china pamafunika nthawi ndi thandizo. Ananena akuyang'ana achinyamata akumbuyo. Bambo wake anali chiimire pambali pake, manja ali kumbuyo.

Pobwerera kunyumba anayenda awiri. Amayi ake a Mainess, a Yosefina, sanatsalire msonkhano, anali atatsogola kale ikangotha Misa. Dzuwa linali paliwombo, fumbi la njinga likuwathira m'maso. Aliyense wokumana nawo ankaima kuyamikira, wina dokotala, wina aphunzitsi, ndipo a Sakala ankalakalaka anthuwo atachuluka kuti asatsale okha ndi mwana wawo. Koma njira ya ku Nabvutika ili ndi malo ena opanda anthu, kuseri kwa mpanda wa sukulu, ndipo ndi pamenepo Mainess anaima.

"Atate, mwamasulira bwino."

"Ndi ntchito yanga."

"Koma za nyerere m'mafupa ine sindinanene. Za misomali sindinanenenso."

"Womasulira amathirako mchere, mama. Ukanena mouma anthu samva."

"Khoswe sanandiuzepo kuti amafuna kupereka moni osanjenjemera."

A Sakala anatulutsa mpango n'kupukuta mphuno. Anafuna kukalipa, kuti kodi mwana amafunsa bambo wake mafunso pamsewu ngati wapolisi. Kenaka, pa nthawi yoipitsitsa, kuyasamula kunawagwira, kwakukulu, kotulutsa misozi, ndipo analephera kukubisa.

"Ndi aja a chiuno?" anafunsa Mainess motsitsa mawu.

A Sakala anagwedeza mutu movomera, maso ali pa nsapato zawo.

"Mwamwa liti komaliza?"

"Dzulo masana."

"Mwasiya chifukwa cha ine."

Mainess anapuma mozama. Bambo wake ankayembekeza kuona kunyansidwa pankhope pake, ndipo mwina kukanakhala kopepuka. Anaona mantha.

"Amenewo sasiyidwa mwadzidzidzi, atate, ndipo akachuluka amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Muchepetsa pang'onopang'ono, achipatala akukuonani. Mawa tipita limodzi. Mumamwa angati pa tsiku?"

Kuchipatala chapafupi amene amaona odwala ndi Chikumbutso, yemwe a Sakala anamukwapula pamaso pa sukulu yonse atamugwira ndi fodya ali giredi seveni. Anadziona atakhala pabenchi, Chikumbutso akulemba, akufunsa funso lomweli. Anadzionanso pampando wa komiti. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ndipo chimene ankafuna panthawiyo chinali kuthamangira kunyumba, kukagwada pansi pa bedi n'kutulutsa nsapato yakale.

"Folo," anatero a Sakala.

Mainess anawayang'ana, osatsutsa. Anangoti, "Amama akudziwa?"

"Ayi. Ndipo usawauze. Amako mtima wawo ndi wofooka."

"Ndiye muwauze ndinu. Ine sindingakhale m'nyumba imodzi ndi amama ndikuwabisira."

Anapitiriza ulendo. A Sakala ankakonza mawu m'mutu monga ankakonzera phunziro, poyambira, pofika pakati, pomalizira. Akanayamba ndi ngozi ija, n'kunena za ululu wa chiuno, n'kudzudzula pang'ono achipatala amene amapatsa anthu zinthu osawachenjeza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, iwo eni ankauza ana a sukulu oopa kufunsa mafunso. Kunena kunali kosavuta nthawi imeneyo.

Anapeza a Yosefina atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akusenda nsawawa m'lichero. Anali atavula kale chitenje cha bungwe n'kuvala chakale. Anafunsa ngati msonkhano wayenda bwino, osadzutsa mutu.

"Wayenda," anatero Mainess. "Atate ali ndi mawu."

A Sakala anaima pamenepo ndi jekete lawo la Lamlungu. Phunziro lonse lija linabalalika. Ananena mokhotakhota, kuti pali timankhwala tina ta chiuno chija timene apitiriza kumwa pang'ono, kuti si nkhani yaikulu, kungoti mwanayu ndi wa sukulu ndiye akuti ndi bwino kukaonana ndi achipatala.

"Akuti amamwa folo pa tsiku," anawonjezera Mainess.

A Yosefina anaswa nsawawa ina, n'kuponya makoko pambali.

"Eyiti," anatero.

Nkhuku inabwera kudzatola khoko, a Yosefina n'kuiingitsa ndi dzanja.

"Jekete limenelo ndimachapa ndine, a Sakala. Pansi pa bedi ndimasesa ndine. Timapepala take mumataya m'dzenje la zinyalala, ine ndimakatola m'mawa n'kutentha, kuti ana a aneba asatole n'kukaonetsa amawo. Zaka ziwiri tsopano."

"Bwanji simunanene, amama?" anafunsa Mainess.

"Ndikanayamba bwanji? Munthu akuchokera kukomiti, wavala tayi, wakalipira ana a eni ake. Ndimati ndikanena ndimuvula pamaso panga, ndiye adzandiyang'ana bwanji mawa lake. Lero sindinatsale kuholo chifukwa sindikanatha kukhala kutsogolo n'kumawamva akunena za ana a anthu." Anapukuta m'maso ndi msonga ya chitenje, mwachangu, ngati muli fumbi. "Inenso manyazi anandigwira. Ndinangoti bola ndiziwerenga, kuti tsiku akadzagwa ndidzathe kuuza adokotala."

A Sakala anali ataopa zinthu zambiri pa zaka zitatu zija. Anaopa komiti, anaopa ansembe, anaopa maso a Mainess. Sanaganizepo za mkazi wawo atawerama padzenje la zinyalala m'mawa uliwonse, akutola timapepala n'kumawerenga timabowo ta makapusozi. Iwo ankayenda m'Nabvutika mutu uli m'mwamba, akuganiza kuti ndi ochenjera, pamene ulemu wawo wonse ankausunga ndi mayi ameneyu ndi bokosi la machesi. Manyazi a kuholo aja anachepa n'kukhala ngati kanthu ka ana.

Mpando unali pakhonde, koma a Sakala sanauitanitse. Anakhala pansi pomwepo, pamphepete pa mphasa, thalauza la Lamlungu lili m'fumbi, malo amene sanakhalepo chikwatirire. Mainess anatulutsa foni kuti alembe zokauza achipatala mawa.

"Ndilembe eyiti?" anafunsa.

Bambo wake anayang'ana manja a mkazi wawo, amene anali atasiya kusenda.

"Lemba naini," anatero. "Mmodzi ndimamwera panjira, pepala lake ndimataya m'ngalande. Amako ameneyo sanamuonepo."